Tsiku Limene Anavundikira Mitondo

Chigayo chisanabwere ku Lifuwu, mpunga wa amalonda tinkasinja ndife amayi. Inali ntchito yeniyeni, yolawirira m'mamawa. Kuseri kwa sitolo ina kunali mitondo ikuluikulu, ndipo pa mtondo uliwonse tinkaima awiri, wina akamakweza munsi wina akutsitsa. Sumangosinja ndi aliyense. Mukasemphana, minsi imagundana, mpunga n'kumwazika pansi.

Mnzanga wa pa mtondo anali wamkulu kwa ine, ndinkawatchula kuti achemwali. Mwana wanga anazolowera kugona kumsana minsi yathu ikugunda. Tikangoima, ankadzuka.

Chaka chimenecho kusikimu ankagawa mapuloti a mpunga. Ndinkafuna kukalembetsa, poti bambo a mwanayu anapita ku Mbenji kukawedza ndipo sanabwerenso. Achemwali anandiletsa.

"Iwe, ndi khanda kumsana ukalimbane ndi matope? Mpunga sudzisinja wokha. Ntchito yathuyi idzatha anthu akadzasiya kudya."

Ndinawamvera. Mapuloti anatha.

Kenaka amisiri anayamba kumanga kanyumba ka malata pambali pa sitolo. Nditafunsa, achemwali anati ndi mosungira matumba. Anayankha maso ali m'lichero.

Lolemba lina ndikubwera ndi munsi wanga paphewa, ndinamva chiphokoso ndisanafike n'komwe. Ndinapeza mitondo yonse ataivundikira pakhonde, anthu atakhalapo ngati mipando, akudikira chigayo. Achemwali anali m'kati mwa kanyumba kaja, mpango uli mbuu ndi mankhusu, akusoka matumba. Pachigayopo pankafunika mayi mmodzi yekha, ndipo malowo eni sitolo anawalonjeza achemwaliwo kalekale, mapuloti asanagawidwe. Anandiuza ndi akazi a eni sitolo, poganiza kuti ndinkadziwa.

Ndinalowa, mwana akulira ndi phokoso la injini.

"Achemwali, bwanji osandiuza?"

"Ukanapita kusikimu, ine ndikanasinja ndi ndani miyezi yonseyi?"

Ananena mokuwa kuti ndimve, kenaka n'kunyambita ulusi, n'kupitiriza kusoka.

Sindinakangane nawo, mwana anafunika kuyamwa. Pano ndimawokera mpunga waganyu m'mapuloti a anthu ena, ndipo nthawi yokolola amandipatsa pang'ono. Ndimapita nawo kuchigayo komweko, poti china kulibe. Achemwali ndimawapatsa moni, iwo amafunsa za mwana. Koma akatambasula dzanja kuti andisokere thumba, ndimalikoka, n'kumanga ndekha ndi luzi.