Ambuya Amene Ankafuna Mwana Wanga

Mawuwo ndinawamva ndili pampopi kuseri kwa nyumba, ndikuchapa matewera. Apongozi anga anali pakhonde ndi anzawo awiri a kutchalitchi, ndipo sankanong'ona n'komwe.

"Uyu mwana tizamupeleka kuli ambuya pa Sondo yothela mwezi," anatero apongozi.

"Mwachedwa kale," anayankha mnzawo. "Ambuya sibakonda kulindila."

Sopo anandipulumuka m'manja n'kulowa mungalande, ine osamutola. Mwana amene ankanenayo anali wanga, woyamba, wamkazi, asanayambe n'kukhala komwe.

Ine ndinakulira m'banja la Chisilamu. Bambo anga ndi telala, makolo awo anachokera ku Malawi, ndipo tchalitchi ndinkangochiona kunja ndikamadutsa. Nditakwatiwa ndi mnyamata wa Chikatolika, abale anga anati ndikaone ndekha, choncho wofunsa ndinalibe. Tinkakhala m'kachipinda kakuseri kwa nyumba ya apongozi ku Kabwata. Chimene ndinkadziwa n'chakuti kuno ku Lusaka ambuya ndi agogo, ndipo ntchito za ambuya ndinkazidziwanso. Msuweni wanga mwana wake anatengedwa ndi ambuya akuchimuna, ati akamuone chabe kumudzi. Anabwerako ali ndi mano onse, akulankhula chinenero china, mayi ake akuwatcha anti.

Ndinafunsa mwamuna wanga atabwera kuntchito, ali pafoni yake kuonera mpira.

"Ambuya banu bali kuti?"

"Bonse banafa kudala."

"Nanga bamene bafuna mwana?"

"Aa, baja! Ni nkhani za ba mami na banzao. Osawopa, na ine bananipeleka nili kamwana."

"Munabwelako liti?"

"Kubwelako kuti?" anatero, maso ali pampira.

Ndinamuyang'ana nthawi yaitali. Munthu sankadziwa n'komwe ngati anabwerako.

Apongozi safunsidwa mafunso, ndiye ndinapita kwa mmodzi wa anzawo aja, wogulitsa zitumbuwa pakona, n'kumachita ngati ndikungocheza.

"Ambuya bankala kuti, amai?"

"Sabata ino bali ku Woodlands, kunyumba ya geti yobiliwila pafupi na sukulu. Sabata yatha benze ku Libala. Bamazungulila manyumba."

"Balibe yao?"

"Yao ili kumwamba."

Ndinakweza maso kuyang'ana mafulati aja ataliatali a ku Kabwata, makonde ake odzaza zovala zoyanika, ndikuganiza kuti mwana wokwawa angakhale bwanji kumeneko.

"Bali na bana bangati?"

"Iwe! Bonse ba m'chigawo chino ni bao."

"Bamabweza?"

Anatembenuza chitumbuwa m'mafuta, n'kunena mokoma mtima kwambiri, "Wa ambuya ni wa ambuya mpaka kumanda, mwana wanga."

Kuyambira pamenepo maso anga sanapume. Ndinaona apongozi akuyeza mwana ndi ulusi kuyambira paphewa mpaka kuphazi. Ndinaona kadiresi koyera katabisidwa m'pepala pansi pa pilo wawo, ndinaona makandulo, ndinaona nsalu ya patebulo ikuchapidwa kawiri. Kuchimbudzi ndinkapita mwana ali kumsana, posamba ali kumsana, pogona ndinkamanga kamwendo kake kudzanja langa ndi duku. Mkaka unayamba kuchepa. Kuthawa ndinakuganizira, koma kuthawira kuti? Ndiye ndinati ayi, nkhalamba ndi munthu, nayonso inaberekapo. Ndipite ndekha ndikaigwadire isanabwere.

Kwa munthu wamkulu sapita chimanjamanja. Ndinagula shuga, mabanzi ofewa poganizira mano, ndi kabotolo ka fodya wamphuno, chifukwa agogo anga aakazi akakwiya ankaphwa mtima ndi fodya. Unali mwezi wa Julaye, mphepo ikuuluza fumbi ndi mapepala mumsewu. Ndinauza apongozi kuti ndikupita kusikelo, n'kukwera minibasi ya ku Woodlands, mwana nditamukulunga mpaka kungotsala mphuno.

Geti lobiriwira ndinalipeza. Mlonda anasuzumira pakabowo.

"Nabwela kuona ambuya," ndinatero.

Sanadabwe ayi. "Benangu benze pano m'mawa. Mwabwela na kandulo?"

"Nabwela na fodya."

"Ya ambuya?"

"Ee."

Anakanda m'mutu pansi pa chipewa. "Sininabaonepo bakoka. Koma ngenani, mwina bamabisa."

Geti linadzitsekera lokha kumbuyo kwanga. Pakhomo lakukhitchini ndinalandiridwa ndi mayi wantchito, thaulo lili paphewa.

"Mungabaone, koma musabagwile," anatero. "Banagwa dzulo."

"Banagwa?"

"Pusi anabakankha pa kabati."

"Pa kabati banakwelapo bwanji, ba sisi?"

"Ba madamu ndiye bamabaikapo, kuti bazukulu basamabaseweletse. Kwanja kunachoka, koma ba bwana bamata na guluu. Manje bauma."

"Simunabapeleke ku chipatala?"

"Chipatala cha chani? Chaka chatha ku Chilenje mutu unachoka wonse, banabwezelapo, ba Fada sibanadziwe na kudziwa."

Ndinaganiza ziwiri nthawi imodzi. Choyamba, ngati nkhalamba amaiika pakabati mphaka n'kumaigwetsa, nanga khanda adzaliika pati? Chachiwiri, ndi munthu wamtundu wanji amene mutu umachoka, n'kubwezeredwa, iye n'kumafunabe ana a eni? Ndinawerenga chamumtima mapemphero onse amene bambo anandiphunzitsa. Kumbuyo geti linali lotseka, pamwamba pa mpanda pali waya wamagetsi. Njira inali yakutsogolo basi.

Pabalaza ndinalowa chokwawa ndi maondo, maso pansi, monga ndinaleredwera, chifukwa wamkulu sayang'anidwa kumaso. Mayi uja anandilozera mbali ya kabati n'kubwerera kumbale zake. Kapeti anali wofewa kuposa matiresi athu. Ndinayala shuga, mabanzi ndi fodya patsogolo panga, ndinaomba m'manja, ndinayamba.

Ndinati ambuya, ine ndine mlendo m'banja lino, miyambo yanu sindiidziwa, ngati ndinalakwa mundikhululukire. Ndinati mwanayu ndi mmodzi yekha, akuyamwabe, botolo amakana, usiku sagona osagwira khutu langa. Ndinati ana muli nawo ambiri, chigawo chonse, wanga mmodziyu mukamuwonjezera simudzamuona n'komwe. Ndinati ndizibwera kudzakuchapirani, kudzakusisitani miyendo, kulikonse kumene mwagona sabata imeneyo, ngakhale kumwamba kuja ndidzakwera.

Ambuya anali chete. Akulu akakhala chete ndiye kuti akana, zimenezo ndinkazidziwa, ndiye ndinayamba kulira mokweza, mwana naye n'kundithandiza.

"Ni ndani uyo?" anatero mawu a munthu wamkazi.

"Ndine mai wake wa mwana wamene mufuna kutenga, ambuya."

"Ine? Banga bananilemetsa kale, nitengelenso wa munthu?"

Mtima unagunda ndi chimwemwe, koma mawuwo ankachokera kumbuyo kwanga. Ndinatembenuka. Pakhomo panaima eni nyumba, mayi wamagalasi, makiyi agalimoto ali m'manja. Anayang'ana ine, anayang'ana fodya, anayang'ana pakabati. Nanenso ndinakweza maso.

Pakati pa wailesi yakanema ndi chithunzi cha ukwati panali chiboliboli chotalika ngati mkono wanga. Mayi wokalamba atakhala pampando, nsalu kumutu, utoto utayamba kusupuka pamphuno. Pakhosi panali mzere wa guluu wakale, padzanja mzere wa guluu watsopano. Ndipo pabondo pake panatsamira kamtsikana, kakuyang'ana m'buku.

Munthu wanzeru akanaseka kapena kuchita manyazi. Ine chimene chinatuluka m'kamwa mwanga chinali chakuti, "Uyo mwana ni wa ndani?"

"Ni wao," anayankha mayi wamagalasi. "Uyo ni Maria akali mwana, amai bake Yesu. Aba ni ambuya bake Ambuye Yesu. Dzina bali nalo, koma ise timangoti ambuya."

Anandipempha kuti ndidikire, n'kulowa kukhitchini, n'kutseka chitseko. Chitsekocho chinali chopyapyala. Ndinamva anthu awiri akuvutika kupuma, wina akumenya tebulo. Atatuluka anali atanyamula tiyi, magalasi ali m'manja, akupukuta m'maso.

Anandifotokozera kuti ambuyawo anakhala zaka zambiri opanda mwana, anthu akuwaseka, mpaka anabereka atakalamba. N'chifukwa chake amayi ofuna ana amawadandaulira, ndipo amene apatsidwa amabwera kudzawaonetsa, makamaka mwezi uno wa chikondwerero chawo. Kupereka mwana ndi kumunyamula pamaso pawo, kuyatsa kandulo, kupemphera, basi, n'kumapita kwanu.

"Na mwana?"

"Na mwana."

"Tsiku lamene ilo?"

"Mukafuna kumusiya, bazamunyamula na chani? Kwanja kwao mwakuona."

Ndinafunsanso kachiwiri ngati kamtsikanako kanalidi kawo, kobereka okha, osati ka mpongozi wawo. Anati kawokawo. Potuluka ndinasiya shuga ndi mabanzi kukhitchini. Fodya anapempha mlonda, ati awasungire.

Nkhani inafika ku Kabwata ine ndisanatsike minibasi. Ndinapeza apongozi ali pakhonde, foni ili pamiyendo, akulira ndi kuseka. "Fodya, mayo! Fodya kuli ambuya!" Wazitumbuwa anali atasiya mafuta pamoto kudzamva nawo. Ine ndinagwada n'kupepesa za bodza la sikelo, mumtima ndili mbee, mwana ndi wanga.

Kenaka apongozi anapukuta misozi n'kunena, "Wenze kuyopa chiboliboli? Ambuya botenga bana ndine. Uyu akaleka kuyamwa nizayenda naye ku famu, imwe mupange wina."

Onse anaseka. Ine ndinayang'ana nkhope yawo, ndipo ndinaona kuti pakamwa pokha ndi pamene pankaseka. Mantha anga sanalakwe, anangolakwitsa nyumba. Ndinapita kukagwada ku Woodlands pamene ambuya enieni ndinkawaphikira tiyi m'mawa uliwonse.

Lamulungu lija ambuya anafika pa takisi, atakhala pamiyendo ya mtsogoleri wa amayi a kutchalitchi, atakulungidwa m'chitenje ngati khanda. Nthungululu zinamveka mpaka kumsika. Anawaika patebulo la nsalu yochapidwa kawiri ija, amayi a mayunifomu anadzaza pabalaza mpaka pakhonde, nyimbo za Chibemba zimene sindinkazimva zikugwedeza malata. Mwana anali m'kadiresi koyera. Apongozi anatambasula manja kuti amunyamule, ine ndinachita ngati sindinaone, ndinapita naye ndekha kutsogolo.

Masiku amenewo mwanayo ankagwira chilichonse, ndolo, tsitsi, mphuno za alendo. Nditangomuyandikiza, anatambasula kadzanja, n'kugwira dzanja la ambuya, n'kukoka. Guluu wa ku Woodlands anagonja. Ndisanaphethire, dzanja la ambuya a Ambuye linali m'kamwa mwa mwana wanga, akulimung'unya.

Nyimbo inaduka pakati. Ndinati basi, lero atithamangitsa tonse awiri.

Mtsogoleri, mayi wamfupi waimvi, anayang'ana mwana, anayang'ana amayi anzake onse ali kukamwa yasa, n'kukuwa, "Bamupatsa moni! Ambuya bamupatsa kwanja!" Nthungululu zinabuka kuposa zoyamba. Wina anagwa pansi n'kumagubuduka. Dzanjalo analichotsa m'kamwa mwa mwana movutikira, n'kulipukuta ndi duku.

Phokoso litatsika, mtsogoleri anati mwambo wake mayi wa mwana amanena yekha chimene akupempha kwa ambuya, onse n'kuvomera. Ndinayang'ana kamtsikana kaja pabondo la mayi ake, ndipo mawu anatuluka okha, okwera kuposa mmene ndinkafunira.

"Nipempha ninkale monga ambuya aba. Mwana wao ali pa mwendo pao, bamuphunzitsa beka. Sibanamutumize ku famu."

Kenaka chipinda chonse chinati amen. Maso onse anatembenukira kwa apongozi, amene anali atavala yunifomu yokhala ndi chithunzi cha ambuya omwewo pachifuwa, kandulo ili m'manja. "Amen," anatero, ngati munthu womeza mankhwala owawa.

Anthu akudya, mtsogoleri uja anandikokera kuseri, kumpopi, n'kundinong'oneza.

"Wapempha bwino, mwana wanga. Koma uziziba kuti uja mwana wa ambuya banamupeleka ku kachisi ali na zaka zitatu, banamusiya kwamene kuja."

"Banamusiya?"

"Bapongozi bako pa maphunzilo bamagona. Ine sininakuuze kanthu."

Mwana wanga anasiya kuyamwa, kufamu sanapite, pano amapita kusukulu kuchokera m'kachipinda kathu komweko. Apongozi akayamba nkhani ya famu, anzawo amawakumbutsa kuti anavomera pamaso pa ambuya. Dzanja lija analimata mwamuna wanga, ndipo analimata chopotoka, chikhatho kuyang'ana kunja ngati cha wapolisi woimitsa galimoto, koma palibe amene walimba mtima kulithyolanso.

Ambuya akabwera kwathu, ine ndi amene ndimawapukuta fumbi. Pamisonkhano ya amayi ndimakhala pafupi ndi apongozi, kuwayang'ana m'maso. Wophunzitsa akangotchula kachisi, iwo ali maso, ndimayambitsa nyimbo.