Mapilisi Amaliseche a ku Joni

Ku koleji ndinakhalako chaka chimodzi ndi theka, ndikuphunzira zoyeza malo. Kenako ine ndi aphunzitsi tinagwirizana mwamtendere kuti malo a m'dziko muno angathe kuyezedwa popanda ine. Ndinabwerera kwathu ku Chowe, komwe anandilandira ngati katswiri wa zonse, kuyambira mafoni akufa mpaka matenda a anthu.

Amayi amadwala bipi. Mankhwala ankalandira ku chipatala cha pa boma, koma mtima wawo sunali pamenepo. Kwathu kuno chabwino chilichonse chimachokera ku Joni: bulangete, njinga, ngakhale mkamwini. Tsiku limene achimwene anga, omwe amagwira ntchito m'shopu kumeneko, anaimba foni kuti atumiza mankhwala enieni, amayi anasiyiratu kumwa a kuchipatala. Anati za ulere ndi za ku Joni sizingakhale m'mimba imodzi.

Katunduyo anayenda milungu itatu. Mutu wa amayi unayamba kuwawa, ndipo akawerama poswali pa mkeka wa mapemphero, nyumba inkazungulira.

Amene anabwera ndi katunduyo ndi bambo wina wa ku Katuli, wa ndevu zolemekezeka, amene ntchito yake ndi kutenga katundu wa anthu a ku Joni n'kudzatula kumudzi. Atapereka salamu, anasolola m'chikwama jumbo ya shuga yomanga mfundo. M'katimo munali mapilisi oyera, apinki ndi achikasu, onse amaliseche. Panalibe bokosi, panalibe kapepala.

"Mabokosi ali kuti, amjomba?" ndinafunsa.

"Ndinataya ku Tete," anayankha monyadira. "Pa boda akaona bokosi la mankhwala amayamba: chilolezo, kalata ya dokotala, chakutichakuti. Koma jumbo ya shuga saifunsa kanthu. Ndiye ndinafundula onse pamodzi, a mayi anuwa, a mphunzitsi wa ku Malindi, ndi a mayi wina wa nyamakazi. Ndagawa mofanana."

"Mofanana bwanji?"

"Manja awiriawiri. Ine ndimaopa Mulungu, sindibera munthu."

Amayi anandikankhira jumboyo. "Iwe wa ku koleji, sankha anga."

Ndinakhuthulira mapilisi m'lichero n'kuyamba kuwasankha ngati mpunga. Ndinawanunkhiza. Ndinawaunika padzuwa, maso nditatsinzinira mwaukadaulo. Limodzi ndinalinyambita, ndipo lilime linachita dzanzi mpaka madzulo. Apo ndinalengeza kuti nkhani yayikulu chonchi imafuna kuti ndikambirane ndi anzanga a ntchito. M'mawa mwake ndinakweza amayi njinga yamoto, ulendo wa pa boma.

Pa windo la mankhwala panali mayi wina wa magalasi, wochokera ku Ntcheu. Anayang'ana jumbo, anayang'ana ine.

"Achimwene, izi n'zomwa kapena zodzala?"

Ndinafotokoza za ku Tete. Mayiyo sanaseke. Anati lamulo silidana ndi mabokosi, limafuna bokosi chifukwa ndi pamene pali dzina la mankhwala, mphamvu yake ndi tsiku lothera ntchito. Mankhwala a wodwala akakhala m'bokosi lake, kalata ya dokotala ili pambali, nkhani yake pa boda imamveka. "Koma awa ngakhale wowapangayo sangawazindikire. Atsala pano. Ndipo enawo muwaimbire foni asanameze gawo lawo."

Ndinaimbira bambo wa ndevu uja nthawi yomweyo kuti awachenjeze onse awiri. Mwamwayi mphunzitsi anali akadali kusankha ake m'lichero.

Amayi anawayeza bipi kawiri. Namwino anayamba wagogoda makina, poganiza kuti makinawo afa. Kenako anawapatsa bokosi la mankhwala awo akale n'kunena kuti amwe pomwepo. Amayi anakhala pa benchi, n'kukoka mpango wawo, bokosi lili pamiyendo.

"Mwana wanga akukhetsa thukuta ku Joni, ine ndizimwa za ulere? Iyayi."

Ndinapempha, ndinaopseza, ndinatchula ngakhale manda. Amayi anakanabe. Posowa chochita ndinatenga bokosi lija n'kuyamba kuwerenga mokweza timalemba ta kumbuyo, luso lokhalo limene ndili nalo lenileni.

"Opangidwa ku Indiya."

Amayi anatembenuka. "Ku Indiya ndi ku Joni, kutali n'kuti?"

"Ku Indiya, amayi. Basi sifikako. Mpaka ndege, kuwoloka nyanja ya mchere."

Anandilanda bokosi lija n'kuliyang'ana mwaulemu, ngati mlendo amene akhala akumupatsa moni wa chipongwe.

"Ndiye zaka zonsezi bwanji osanena? Pita ukatunge madzi."