Chingamu cha m'kachitini ka Bambo

Abale, mwaswera bwanji.

Ndangofika kuchokera kwa makolo ku Chimbonila, mutu sukugwira. Mukudziwa kuti Bambo anayamba fodya nthawi ya nkhondo, ndipo atasiya anakakamira chingamu cha mankhwala chija chothetsa chibaba cha fodya, chogula ku farmasiya mumzinda wa Lichinga.

Lero ndapeza Amayi kukhitchini akusenda chingamu wamba cha ana, chogula pamsika, n'kumaika m'kachitini ka Bambo kaja ankasungiramo fodya. Ndawafunsa, iwo osatekeseka n'komwe: "Chenichenicho chinasowa ku Lichinga tisanakumbe mbatatesi. Wadwala ndani?"

Kutuluka panja, Bambo ali pakhonde akutafuna mwamtendere, n'kundiuza kuti pakanapanda mankhwalawa bwenzi atabwerera kale ku fodya.

Ndiye kuti Bambo anasiya ndi mankhwala omwe kalekale, eni ake osadziwa. Tiwauze, kapena tingowasiya azitafuna switi?