Galasi langa pa galimoto ya a tcheyamani

Lachiwiri m'mawa ndinatuluka ndi ndowa kuti nditsuke kagalimoto kanga, kaja ndinakaitanitsa ku Durban nditadzimana zaka zinayi, ndipo ndinakapeza kali ndi khutu limodzi. Galasi loonera kumbuyo la mbali ya dalaivala anali atazula, mawaya ali lende. Ndinapsa mtima, osanama. Msewu wochokera ku Area 25 kupita m'tauni mumaudziwa, apolisi apamsewu sangakusiye udutse wopanda galasi. Sabata yonse ndakhala ndikupanikizana mu minibasi, galimoto ili pakhomo.

Mumpanda mwathu timakhala mabanja asanu ndi limodzi, tonse a lendi, ndipo magalimoto anayi amagona pabwalo. Aka kanali kachitatu kutibera chaka chino. Ndiye Loweruka masana a Mbewe, aneba omwe tinawasankha kukhala tcheyamani wa zachitetezo, anaitanitsa msonkhano pansi pa mtengo wa mango.

Nzeru zinatuluka zochuluka. Wina akuti tisinthe loko wa pageti, wina akuti tizike mabotolo osweka pamwamba pa mpanda. Mayi Banda akufuna galu, chikhalirecho ndi omwe amakuwa akaona kagalu ka eni ake pamsewu. A Mbewe ndiye anachita kuimirira, chala m'mwamba.

"Akuba amenewa tikadzawagwira, ife sitidzadikira apolisi ayi!"

Miyendo itatopa, ndinatsamira galimoto ya a Mbewe. Amene muli ndi magalimoto mukudziwa zomwe timachita: galimoto ikangofika, timakalembetsa nambala yake pa magalasi ndi pa nyali zonse, ati akuba asowe kogulitsa. Maso anga anagwera pakona pa galasi la a tcheyamani. Nambala inali pamenepo inali yanga.

"Aneba, galasi ili mwalitenga kuti?" ndinafunsa.

"Ndagula Lachitatu kwa ogulitsa zitsulo aja m'tauni," anayankha monyadira. "Langa anandiphwanyira a minibasi. Lotchipa zedi, aneba. Mukafuna ndikulozerani munthu wake, sasowa katundu ameneyo."

"Tawerengani nambalayo."

Anawerama n'kuwerenga, kenako anayang'ana galimoto yanga.

"Aaa! Koma ine ndachita kugula, sindinabe."

Abale, mawu amenewa ndi omwe andilembetsa lero. Tonse timachita kugula. Wogulitsa akakuuza kuti katundu alibe koma ubwerenso mawa m'mawa, umaganiza kuti akamutenga kuti? Ali ndi fakitale ku Mgona? Timadziwa bwinobwino, koma timangofunsa mtengo, osafunsa mwini wake. Nambala ya munthu ili poonekera, ife timaiphimba ndi chala uku tikunenerera kuti atichotsereko.

Tikafika kunyumba ndiye timasanduka akatswiri a zachitetezo. Mpanda tikweze, mlonda tilembe, geti tiwotcherere lachitsulo chokhuthala. Zonsezi n'zabwino, ndipo loko uja tasinthadi. Koma wakuba sadya galasi. Amalumpha mpanda chifukwa akudziwa kuti wogula akumudikira, ndipo wogulayo ndi bambo wolemekezeka wovala tayi, wokhala mumpanda momwemo. Zimanditopetsa kwabasi.

Lamulungu titachoka kutchalitchi, a Mbewe anabwera ndi galasi lija m'manja, nkhope ili gwa. Moni anapereka wa theka. Anandithandiza kulimanga, ine mumtima ndikudzimva kuti ndine wolungama wa mumpanda muno. Titamaliza anazungulira kutsogolo kwa galimoto akupukuta m'manja, n'kuima. Anawerama pa nyali yakumanzere monga ndinawaweramitsira dzulo lake.

"Aneba," anatero mwaulemu wonse, "nanga nambala iyi ndi yanu?"

Sinali yanga. Nyali imeneyo ndinaigula chaka chatha, kwa anthu omwe aja, ndipo ndinabwerako ndikudzitama kwa mayi a kunyumba kuti ndimadziwa kunenerera. Nambalayo ndinaiona tsiku lomwelo.

Galasi langa labwerera, mawa ndiyenda pa galimoto. Koma kwinakwake ku Kawale kapena ku Biwi kuli bambo yemwe anatuluka ndi ndowa m'mawa wina n'kupeza bowo pamene panali nyali, ndipo ameneyo sanachite mwayi wokhala mpanda umodzi ndi ine. Inu amene mukundiseka, tatulukani mukawerenge manambala a pa galimoto yanu. Onse ndi anu?