Gemu ya Che Idi

M'mawa uliwonse akatha kuswali, Che Idi, telala wa ku Kawale, ankasolola nthenga ya nkhuku patsindwi n'kuyamba kupukuta gemu yawo. Chinali chibokosi chakuda cholumikiza ku TV, cha tindodo tiwiri towongolera, kalikonse ndi batani lofiira. Anachita kupatsidwa ndi mmwenye wa ku Area 2, mwini sitolo imene ankasokera pakhonde pake kale, ana a m'nyumbamo atatopa nacho. Anachisokera chovundikira cha nsalu zotsala, pansi n'kuyalapo masamba a nimu kuti mphemvu zisamangemo mudzi. Kaseti ya gemuyo asanailowetse ankayamba aiuzira ngati phala la mwana.

Mnzawo Greenwell, wa vidiyo sho, ankawaseka.

"Achimwene, anzanu akuonera karate, inu mukadali kuthamangitsa timadontho!"

"Makina anu amatafuna matepi. Anga anatafunapo chiyani?"

Mu 1996 sitiroko inawagwetsa ali pa makina osokera. Anadzuka ndithu, koma dzanja lamanja linangoti lende, zala zitafumbata. Makasitomala anabwera mmodzimmodzi kudzatenga nsalu zawo. Mwana wawo Nafisa, amene anabwerera pakhomo ndi khanda kumbuyo kudzawasamalira, anaona kuti bambo ake ayamba kukhala mofulatira makina osokera. Koma nthenga ija sanaisiye, ankapukuta ndi lamanzere.

Tsiku lina Nafisa analumikiza TV ndi gemu ija ku batire, anaika kandodo m'dzanja lodwalalo n'kumangirira ndi kansalu.

"Ababa, lamanzere ayi. Mundigonjetse ndi ili."

"Ukufuna undichititse manyazi pamaso pa mdzukulu wanga?"

"Eya."

Che Idi anagonja dzinja lonse. Kandodo kankapulumuka, iwo n'kumang'ung'udza m'Chiyao, koma Nafisa sanawalekerere dala ngakhale kamodzi. Maso ake sankakhala pa TV, ankakhala pa chala chachikulu cha bambo ake. Poyamba chinkangonjenjemera pamwamba pa batani. Kenako chinayamba kudina, mochedwa, gemu itatha kale. Pomwe fumbi limayamba kuuluka m'misewu ya Kawale, kansalu kaja kanali katabwerera m'thumba la zigamba.

Masana ena Greenwell anawapeza akufuula, khanda litadzidzimuka n'kuyamba kulira. Che Idi anali atamugonjetsa Nafisa koyamba.

"Timadontho tomwe tija?" anafunsa Greenwell.

"Tomwe tija. Tandipatsani moni wapamanja mumve."

Greenwell anapereka dzanja.

"Mayo ine! Mundithyola, achimwene!"

Che Idi anazimitsa gemu, anaipukuta ndi nthenga, ulendo uno ndi dzanja lamanja, n'kuivundikira bwinobwino. Atatero anatembenuza mpando wawo kuyang'ana makina osokera, maso ali pa kolala yong'ambika ya malaya a mnzawoyo.

"Vulani malayawo, mukunyozetsa pakhomo pa telala. Nafisa, tandipatsa sizasi ndi ulusi woyera."