Galimoto Imene Ndinatumizira Amayi

Maganizo opita kunja anandipeza ndili pa chiwongolero cha minibasi ya eni, pa msewu wa ku Lunzu. Ndinaona mayi wina atakhala pa mwala m'mbali mwa msewu, nsapato imodzi ili m'manja, akuuzira phazi. Nditayandikira ndinazindikira kuti ndi amayi anga. Linali tsiku lawo lokatenga mankhwala a shuga ku chipatala chachikulu m'tauni, ndipo kuchoka kumudzi kwathu kukafika pa tala ndi mtunda woti ngakhale munthu wamoyo wake amafika thukuta lili kamukamu. Minibasi inali itadzaza, kondakitala mutu uli panja. Ndinawakhazika pa injini, pakati pa ine ndi bambo wina wonyamula nkhuku.

Madzulo ndinamuuza mng'ono wanga Fatsani kuti, “Ine dalaivala, tsiku lonse kunyamula amayi a anzanga, anga akuyenda pansi ndi chilonda kuphazi? Ayi ndithu. Ndikupita kunja, ndikawagulire galimoto yawoyawo.” Fatsani anaseka mpaka kutsokomola. Anaona ngati ndikunena za ukali chabe, poti ine ndiye ndine wa mtima wapachala, sindibisa.

Amene anandilandira ku London ndi alamu anga a Grace, mkazi wa msuweni wanga, nesi pa chipatala cha ku Edmonton. Tili m'basi yochoka ku bwalo la ndege anandiuziratu. “Alamu Lameki, kuno za udalaivala muiwale kaye. Ilipo ndi keya. Mupanga ma shifiti, mulipira renti, zinazo pambuyo.” Ndinavomera ndi mutu ngati ndamva. Sindinadziwe kuti keya ndi kusambitsa nkhalamba za eni, kuziveka, kuzidyetsa ndi supuni. Tsiku loyamba ndinasanza. Chipinda changa chinali kang'ono, kozizira, magetsi ake olipiriratu, ndipo Lamulungu tikatuluka m'tchalitchi aliyense ankathamangira ku shifiti yake. Panali masiku oti Chichewa ndinkangochiyankhula ndekha posamba. Kusungulumwa kwa kumeneko sindingakufunire ngakhale mdani wanga.

Patapita nthawi, a ku ejensi yotipezera ntchito ananditumiza ku nyumba ina yaikulu kupitirira Romford, kwa bambo wina wokalamba, a Harold, amene analemera ndi malonda a zipangizo zomangira nyumba. Anali atafa ziwalo mbali imodzi, koma mutu uli wonse. Tsiku lina nditawadyetsa anandiuza kuti ndiwakankhe pa njinga yawo ya olumala kupita kuseri. Kuseriko kunali chinyumba chachitali chopanda mawindo. Nditatsegula chitseko, mpweya wofunda unandilandira kumaso. Koma abale! Ine ndikugona ndi jekete ku Edmonton, kuno akufunditsa garaja?

M'katimo munali magalimoto atandandalika, iliyonse itafunditsidwa nsalu yofewa, kachingwe ka magetsi katalowa pansi pake ngati wodwala ali pa diripi. A Harold anandilozera ya pakona kuti ndiivundukule. Inali yofiira, yaifupi kufika m'chiuno mwanga, mipando iwiri yokha. Ine ndi dalaivala, manja anayamba kundiyabwa.

“Bwana, iyi yafa chiyani?” ndinafunsa.

“Siyinafe.”

“Nanga munaiyendetsa liti?”

Anaganiza, kenako anati mwina mwana wawo wamkazi asanakwatiwe. Mwana wawoyo ndinkamudziwa, anali ndi ana ake aakulu kale. Ndinayang'ana matayala, onse atsopano. Ndinayang'ana magalimoto enawo. Ndinakumbukira kuti dzulo lake tinapita ku chipatala pa takisi, takisi yachedwa, a Harold akunjenjemera ndi mphepo pa khonde. Mutu wanga unaima.

Kwathu galimoto ikaima ndiye kuti yafa. Imakhala pa njerwa, nkhuku n'kumaikiramo mazira, mwini wake n'kumayenda mozemba kuopa kusekedwa. Yamoyo imagwira ntchito mpaka kukhuthuka mabawuti: maliro, ukwati, chimanga, wodwala. Ndiye ndinayamba kufunsa aliyense wobwera pa nyumbapo, ndipo aliyense anali ndi yankho lake. Makaniko amene ankabwera kudzaliza mainjini pang'ono n'kuzimitsa, atavala magolovesi oyera ngati wa mgonero, anandionetsa kamita kowerenga mtunda. Anati yofiirayo anapanga zochepa dziko lonse, ndipo mtengo wake wagona pa kuchepa kwa manambalawo. Ukangopita nayo ku msika wa Romford n'kubwerera, wataya chuma. Ndinati, “Ndiye kuti galimoto yabwino kwambiri ndi imene siyinayendepo?” Iye anati eya, osaseka n'komwe. Mwana wawo wamkazi anati ndi banki chabe, banki yodya magetsi ndi inshuwalansi. Mnzawo wina wa a Harold anati zinthu zoterezi munthu sakhala mwini wake, amangosungira obwera m'mbuyo. Obwera m'mbuyowo adzayendetsa? Ayi, nawonso adzasunga. Asa!

A Harold eni ake sankafotokoza zambiri. Ankangofuna kuti ndiwanyamule, ndiwakhazike pa mpando wa dalaivala, nditseke chitseko. Amatha kukhalamo nthawi yaitali dzanja lamoyolo lili pa chiwongolero. Tsiku lina anandilowetsa mbali inayo. Anati ali mnyamata, bambo awo ali osauka, ankaima pa windo la sitolo ina kuyang'ana galimoto yotereyi mpaka mwini sitolo kuwathamangitsa. Kenako anati, “Tamva fungo.” Ndinanunkhiza. Chikopa chakale ndi oilo, basi. Ndinati n'labwino, poti anali abwana.

Nkhani imeneyi inakhala nthabwala yanga. Ku tchalitchi ndinkaseketsa nayo anthu mpaka misozi. Ngakhale amayi ndinawafotokozera, tsiku lina nditagula khadi yoimbira, Fatsani atawapititsira foni. Ndinkayembekeza kuti aseka.

“Ndiye amangowasunga?” anafunsa.

“Eee, amayi, atawafunditsa ngati makanda.”

“Mmm. Ayenera kuti amawakonda.”

Khadi inatha tisanapitirize. Mpaka lero ndimadzifunsa ngati sindine amene ndinawaphunzitsa.

Galimoto ya amayi ndinaigula ku Woolwich, kwa munthu wina wogulitsa zakale. Inali yabuluu, yokwera bwino, yoti msewu wa kwathu siungaiopse. Kuti ndifike pamenepo ndinadya buledi ndi tiyi mpaka kutopa nazo, ndikulandira shifiti iliyonse imene anzanga akana. Ndinayamba ndayenda nayo ndekha kwa kanthawi podikira sitima, ndikupita nayo kwa a Harold, ndikudyeramo tchipisi, ndikugonamo pakati pa ma shifiti. Pa kalilole ndinapachika kanthu konunkhiritsa m'galimoto. Itakwera sitima ndinazindikira kuti ndaiwalamo chipewa changa cha mphepo, koma ndinati zilibe kanthu. Fatsani, amene anali ndi layisensi, anakaitenga ku malire. Malangizo anga anali omveka ngati belu: tsiku la ku chipatala amayi azikwera pakhomo, azitsika pakhomo. Ya mafuta ndinkatumiza mwezi uliwonse.

Ndikaimba ndinkafunsa, “Galimoto ili bwanji?” Fatsani ankati, “Ili bwinobwino achimwene, ngati yatsopano.” Ine n'kumasangalala kuti mng'ono wanga ndi wosamala. Ndikafunsa amayi za phazi ankati, “Likuyesera.” Ndinkagona mtima uli m'malo. Ndinkati ngakhale ndikusambitsa makolo a eni kuno, anga akuyenda ngati abwana.

A Harold anamwalira nthawi ya chisanu. Maliro atatha kunabwera malole otseka mbali zonse kudzatenga magalimoto aja kupita nawo ku okushoni. Ndinati lero lokha ndiwaone akuyenda. Ayi. Anyamata anawakankha ndi manja, mmodzi ali kutsogolo akukuwa kuti pang'onopang'ono. Yofiira ija inatuluka m'garaja osalira, n'kulowa m'lole, kupita kwa munthu wina wolemera amene nayenso akaifunditsa. Ndinaima pa geti osadziwa ngati ndiseke kapena ndilire. Mapepala anga okhalira nawonso anali kumapeto, thupi litatopa, ndipo ndinati ndibwerere ndikadye thukuta langa, ndikawayendetse amayi ndekha.

Fatsani sanabwere nayo ku Chileka. Anabwera pa takisi, akuti zina zinavuta. M'njira ankangoyang'ana pa windo. Titafika pakhomo, choyamba kuona chinali chisakasa chatsopano pafupi ndi mtengo wa mango, cha malata owala, pansi pa simenti, chabwino kuposa khitchini ya amayi. Pansi pake panali chinthu chachikulu chofunditsidwa zitenje zosokedwa pamodzi. Ndinali nditaziona kale zimenezi, koma osati kuno.

Kenako amayi anatuluka m'nyumba. Anali ndi ndodo. Phazi lija linali lokulungidwa nsalu, ndipo linali lalifupi kuposa linzake. Anandikumbatira akulira, akuseka, koma ine maso anali pansi.

Ndinamukokera Fatsani kuseri kwa nyumba. Zimene ndinamunena sindingazilembe pano. Iye anangoima mpaka nditatha mpweya, kenako anati, “Achimwene, makiyi ali m'chiuno mwawo, anawamangirira ku chitenje. Kuchoka tsiku limene ndinafika nayo siyinatulukepo pa mpanda. Ndachonderera, abusa achonderera. Nthawi ya mvula ija analephera kufika pa tala, anaphonya ku chipatala kangapo, chilonda chinalowa m'kati. Anawadula zala. Anandilumbiritsa kuti ndisakuuzeni.”

“Nanga ya mafuta?”

Anandilozera malata aja.

Ndinapita kwa amayi. Sindinawakalipirepo chibadwire, koma tsiku limenelo mawu anakwera. “Amayi, ndinapitiranji kunja ine? Ndasambitsa anthu, ndagona ndi njala, kuti inu muziyenda pansi? Galimoto ndi chitsulo! Zala zanu mugula kuti?”

Anamasula mfundo ya chitenje, natulutsa makiyi, nayenda ndi ndodo yawo kupita ku chisakasa. Anavundukula mbali imodzi. Galimoto inali kung'anima kuposa tsiku limene ndinaigula. Anatsegula chitseko cha dalaivala. “Lowa. Tseka msanga, lingathawe.” Iwo anazungulira n'kulowa mbali inayo, movutika, natsekanso.

“Chingathawe n'chiyani, amayi?”

“Fungo. Tamva.”

Ndinanunkhiza. Linalipo, patali: kanthu konunkhiritsa kaja, viniga wa m'tchipisi, jekete lonyowa ndi mvula ya ku Edmonton. Kwa ine linali fungo la masiku oipitsitsa a moyo wanga. Chipewa changa cha mphepo chinali pa mpando wa kumbuyo, chitapindidwa bwino.

“Tsiku limene inafika, nditangotsegula ndinamva iwe,” anatero. “Ndinati oo, ndiye kumene ali mwana wanga kumanunkhira chonchi. Pa foni mawu amatha, khadi yatha. Muno sumatha. Ikanati izipita ku chipatala, akanakwera odwala onse a m'mudzi muno, mbuzi, maliro, sindikanawakaniza. Mwezi umodzi ukanatha iwe mulibemo. Nanga ikanagundidwa? Ndikanatsala ndi chiyani?”

Mumtima ndinati mukanatsala ndi zala zanu. Ndinakhala dzanja lili pa chiwongolero ngati a Harold. Zaka zonse zija ndinkaseka azungu olemera kuti ndi amisala, ndikunyada kuti kwathu chinthu chimagwira ntchito yake. Mpaka pano sindikudziwa ngati a Harold ndinawamvetsa tsiku limenelo, kapena ngati amayi anga ndi amene ndinasiya kuwamvetsa. Chimene ndikudziwa n'chakuti ndinatumiza galimoto, iwo n'kulandira china.

Tsiku la ku chipatala litafika, anandipatsa makiyi okha, osapemphedwa. Anati poti mwini wake wabwera, ikhoza kuyenda. Anavala chilundu chawo cha ku tchalitchi, anthu oyandikana nafe atatuluka kudzaonerera. Ndinapotokola kiyi. Zii. Ndinayesanso. Fatsani atatsegula kutsogolo tinapeza batire linafa kalekale, mawaya makoswe atadya. Ku Romford kunali makaniko wa magolovesi ndi tizingwe ta magetsi, kuno kunali chikondi ndi nsanza yopukutira basi.

Nthawi inali kutha. Ndinabwereka njinga kwa aneba, ndinayala chitenje pa kaliyala, ndi kuwakweza amayi, phazi lawo lalifupi lili lendelende. Ndinayamba kupalasa kulowera ku tala, maso akundiyabwa. Tisanatuluke pa mpanda anandikoka malaya.

“Lameki, waifunditsa?”

Ndinatsika, n'kubwerera kukaifunditsa.