Ukwati wa achemwali umene amalume sanauzidwe

Fungo la mankhwala opopera tsitsi limandikumbutsa tsiku limene achemwali anavala diresi lalitali kwathu ku Hyattsville. Kunabwera mnyamata wa suti, nawamanga maluwa pamkono, amayi akujambula. Ankati ndi gule wa omaliza sukulu, koma ine ndinaona ndi maso anga kuti ndi ukwati.

M'mawa mwake ndinadabwa kuwapeza achemwali m'galimoto akuyasamula, tikupita kutchuthi kwa amalume ku Ohio.

Titafika, amalume anandifunsa za kunyumba. Ndinayang'ana pansi n'kunong'ona kuti, "Achemwali awabweza ku ukwati."

Amalume anavula magalasi n'kutembenukira kwa bambo. "Alamu! Mwakwatitsa mwana osandiuza ine mwinimbumba?"

"Kunali kuvina chabe, alamu," anatero bambo.

"Ndi maluwa omwe?"

Pano m'pamene ndikumvetsa kuti sabata yonse ija bambo ankapepesa mlandu wa ukwati umene kunalibe.